Ngolo ya Lusiyano

Sonkhezerani moto uwo, ndipo amene mwakhala kukhomo mutseke chitseko. Iyi si nthano ya padangokhala. Anthu ake alipo, mwinanso ena mwa inu munagulako mbatatesi kwa iwo osadziwa.

Kumapiri a ku Dedza, kufupi ndi malire a dziko la Mozambique, kuli mudzi wina umene chifunga chimagona mpaka dzuwa litakwera. Kumeneko kunali mayi wina dzina lake Delifina, koma dzinali linali litaiwalika kale. Onse ankangoti Nankhoma, kapena amake Mwandida. Zaka zake zinali zitangopitirira makumi anayi. Anali wolimba pa khasu, wosayankhulayankhula, ndipo pa maliro ndiye ankayamba kufika ndi mtolo wa nkhuni. Iye ndi mwamuna wake, a Katsekera, palibe amene anawamvapo akukangana. Anthu ankaloza nyumba yawo n'kumati, "Banja ndi lija." Sankadziwa kuti nyumba ina imakhala phee chifukwa choti mulibe chokambirana.

A Katsekera sanadzifunsire okha mbeta. Anachita kupezeredwa, ndipo Delifina anachita kuuzidwa.

Pamene Delifina anali namwali, kudera kuja kunadzaza anthu othawa nkhondo ochokera tsidya lina la malire. Pakati pawo panali mnyamata wina, Lusiyano, amene analembedwa ntchito yoyendetsa ngolo, kututa mbatatesi kuchokera kumadimba kupita nayo kumsewu. Ng'ombe zake sankazikwapula. Ankangoziimbira likhweru, loyamba lotsika, kenaka lokwera ngati funso, ndipo zinkamumvera. Likhweru lomwelo ndi limene linkamutulutsa Delifina m'nyumba ndowa ili kumanja, ngakhale mitsuko yonse ili yodzaza. Dziko lonse ndi Lusiyano yekha amene ankamutchula kuti Fina.

Atsibweni ake a Delifina atazimva anakana kwamtuwagalu.

"Munthu wopanda mudzi, wopanda nkhoswe! Akadzakulakwira tidzakadandaula kwa yani? Ife tinagwirizana kale ndi a kwa Katsekera, anthu odziwika ndi manda awo omwe."

Nkhondo itatha, anthu aja anayamba kubwerera kwawo. Nthawi imeneyo n'kuti Lusiyano atagula ngolo yakeyake ndi ng'ombe ziwiri. Anakumana ndi Delifina panjira ya kumadimba namuuza kuti, "Fina, mawa tambala woyamba akalira ndidzakhala pa dooko la Thumbi. Umange phukusi lako. Ndidzadikira."

Delifina anamangadi phukusi. Anaikamo chitenje, chipeso, kampoto kakang'ono, nsapato zake za kutchalitchi ndi bulangete. Koma amayi ake analiona. Sanamukalipire, sanamumenye. Anangotenga mphasa yawo n'kuiyala chopingasa pakhomo penipeni, nagona pomwepo, nati, "Ukafuna kupita, undilumphe ine amene ndinakubala."

Tambala analira. Kutali kumtsinje likhweru linamveka, kutsika, kukwera. Linamveka mpaka kunja kutayera. Delifina anagona chafufumimba ataluma nsalu imene anafunda, osadzuka. Mwezi usanathe anali mkazi wa a Katsekera.

Ana anabadwa angapo, koma Chauta anawasiyira mmodzi yekha, Mwandida. Mwanayo atakula anatengera mayi ake chilichonse: msinkhu, kanjira ka pamano, ngakhale kayendedwe kopendeketsa mutu. Agogo a m'mudzimo akakumana naye ankaima n'kugwira pakamwa, nati, "Uyu ndi Delifina wabwerera ku unamwali."

Chaka chimene ndikunenachi, m'nyengo yozizira, mchimwene wake wa Delifina, a Bizaliyele, anabwera kunyumba kuja masana. Atsibweni aja anali atamwalira kalekale, ndipo mwini mbumba tsopano anali iwowa. Anakhala pampando, a Katsekera pambali, Delifina ndi Mwandida pamphasa.

"Mlongo, ndabwera ndi nkhani yabwino," anatero a Bizaliyele. "A Dzoole aja a lole yogula mbatatesi, akazi awo anatisiya chaka chatha. Maso awo agwera pa mwanayu. Ine ndavomera."

Mwandida anadzutsa mutu. "Atsibweni, a Dzoole ali ndi mwana amene ndinkaphunzira naye kalasi imodzi."

"Ndiye chalakwika n'chiyani? Ukapeza mnzako wocheza naye."

"Ine ndimafuna kukaphunzira zosoka ku boma."

"Makina osokera akakugulira iwowo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mwana iwe. Amayi akowa anakwatiwa chomwechi, taona, anafa? Si awa ali pabanja mpaka lero?"

Mwandida anatembenuka kuyang'ana mayi ake. Delifina anamva maso a mwanayo ngati khala lamoto patsaya. Mawu anafika pakhosi, koma anakumbukira kuti m'banja mwawo mkazi satsutsa mwini mbumba pamaso pa mkamwini. Anangoweramitsa mutu n'kumatola tizitsotso pamphasa. A Katsekera nawo anangokhosomola. Mkamwini alibe mawu pa ana a eni ake.

Zinthu zinayamba sabata yomweyo.

Choyamba kusowa chinali chitenje chimene Delifina anayanika pachingwe kuseri kwa nyumba. Anati mwina ndi mphepo. Kenaka chipeso chimene chinkakhala pazenera. Anati mwina chagwera kuseri kwa matumba. Tsiku lina m'mawa akufuna kuwiritsa madzi a tiyi, kampoto kakang'ono sikanaoneke.

"Mwandida, kampoto kaja wabwereketsa kwa yani?"

"Sindinakagwire, amayi. Dzulo ndinakatsuka n'kukaika pathandala."

Wakuba wanji amene amasiya mbuzi m'khola, matumba a mbatatesi pakhonde, n'kutenga chipeso chothyoka mano? Delifina anaganiza zimenezi akusesa pabwalo. Sanafune kuganiza mopitirira pamenepo.

Agalu a m'mudzimo, amene ankauwa ngakhale tsamba likagwa, anayamba kukhala chete dzuwa likangolowa. Ankalowa pansi pa nkhokwe n'kumangolira chapansipansi. Madzulo ena, chifunga chitatsika mpaka munthu osaona khola ali pakhomo, Delifina akutola nkhuni kuseri anamva phokoso la ngolo. Kwiii, kwiii, ngati tayala losowa mafuta. Inkabwera pang'onopang'ono kuchokera kumtsinje. Anaima kudikira kuti aone mwini wake, pakuti ngolo za m'mudzimo ankazidziwa zonse. Phokoso linafika pafupi, pafupi kwambiri, moti anamva fungo la thukuta la ng'ombe. Kenaka zii. Palibe chinatulukira m'chifungamo.

M'mawa mwake atatsegula chitseko anaona a Katsekera ataima kuseri kwa chipinda cha Mwandida, akuyang'ana pansi. Panali mizere iwiri ya matayala yochokera kunjira, yofika pansi pa zenera penipeni. Panalibe mapazi a ng'ombe, panalibenso pamene ngoloyo inatembenukira. A Katsekera anayang'ana kwa kanthawi, kenaka anayamba kufufuta mizereyo ndi phazi, mofatsa, mpaka kunjira. Atabwerera anapeza mkazi wawo ali pakhomo. Anayang'anizana.

"Kwazizira lero," anatero a Katsekera.

"Kwaziziradi," anayankha Delifina.

Tsiku la msika Delifina anapita kumalire kukagulitsa nyemba. Pafupi naye panakhala mayi wina wachikulire wogulitsa kabichi, wochokera tsidya lina. Kayankhulidwe kake kanali kofanana ndi ka Lusiyano, ndipo atatchula mudzi wakwawo, Delifina anazindikira kuti ndi kwawo kwa Lusiyano komwe. Zaka zonsezi ankakumana ndi anthu a kumeneko, koma sanafunsepo. Tsiku limenelo pakamwa panatseguka pokha.

"Amayi, kwanuko kunali bambo wina woyendetsa ngolo, dzina lake Lusiyano. Kodi alipo?"

Mayi uja anasiya kusenda masamba a kabichi. "Mumawadziwa? Pepani, mwachedwa pang'ono. Tinaika mwezi uno utangooneka kumene. Chifuwa."

Delifina anawerengera mumtima. Inali sabata imene chitenje chinasowa.

"Asiya ana?"

"Ana ati? Anakwatirapo kamodzi, abale atawakakamiza, koma mkaziyo anachoka yekha. Ankati n'kovuta kukhala ndi munthu amene thupi lili m'nyumba, makutu ali kumsewu. Anali munthu wabwino, koma." Mayiyo anatsitsa mawu. "Kumwalira kwawo kunatiopsa. Masiku omaliza ankangodzuka pamphasa n'kumati, 'Mangani ng'ombe pagoli. Akumukwatitsa. Ndikamutenge asanamukwatitse.' Ife kufunsa kuti ndani, iwo osayankha. Ndipo chimene chinatidabwitsa, ng'ombe zawo ziwiri zija zinafa sabata yomweyo, popanda kudwala."

Delifina sanagulitsenso nyemba. Anamanga thumba nasenza, ulendo wa kunyumba, njira yonse akulira mosatulutsa mawu. Ankalira munthu amene analibe chilolezo chomulira. Ankaona Lusiyano ali mnyamata, pakuti nkhope yake ya ukulu sanaidziwe. Ankadzifunsa kuti akanalumpha mphasa ija, bwenzi ali yani lero? Mwina bwenzi ali wamasiye wosauka tsidya lija. Koma bwenzi atakhalako ndi moyo, osati kungokhala.

Atafika anapeza Mwandida atakhala pamtondo wogwetsa, ndowa zili pambali zopanda madzi, maso ali kumtsinje.

"Iwe, sunatunge madzi?"

Mwanayo anatembenuka mochedwa ngati munthu wodzutsidwa kutulo. "Amayi, kodi Fina ndi ndani?"

Thumba la nyemba linagwa pansi kuti thi.

"Wamva kuti dzina limenelo?"

"Pali bambo wina amene ndimakumana naye panjira ya kumjigo kukamada. Amaima patali, m'chifunga, chipewa chili kumaso. Sindinaonepo nkhope yake. Amandipatsa moni bwinobwino, koma amanditchula kuti Fina. Ndimamuuza kuti ndine Mwandida, iye amangoseka pang'ono."

"Wayamba liti?"

"Chibwerereni atsibweni. Sindinkaopa, amayi. Mawu ake ndi ofatsa. Amati, 'Usalire, sakukwatitsa kwa munthu amene sukumufuna.' M'nyumba muno palibe amene anandiuzapo choncho."

Mawu amenewo anamulasa Delifina kuposa mantha. Anagwira mapewa a mwanayo. Anali ozizira ngati mwala wa m'madzi.

"Lero wakuuza chiyani?"

"Wati zonse zakonzeka. Wati mawa tambala woyamba."

Delifina anathamangira kuchipinda kwa mwanayo. Nsapato zake za kutchalitchi panalibe. Bulangete lake panalibe. Apa ndiye anamvetsa chimene mtima wake unkakana kumvetsa: munthu wina ankamanga phukusi, chinthu chimodzichimodzi, monga momwe iye analimangira kale. Ndipo wakufayo, amene ankakumbukira namwali wa kanjira pamano, anali atamupeza namwaliyo, ali chimodzimodzi monga anamusiyira, akulira chifukwa cha ukwati wokakamizidwa.

Akanauza yani? Abusa akanafunsa kuti munthuyo anali ndani kwa iye. A Bizaliyele akanati ndi mabodza ofuna kuthetsa ukwati. Nanga a Katsekera, mkazi angauze bwanji mwamuna wake kuti wachikondi wake wakale wadzuka kumanda? Chakudya chamadzulo anadya mwakachetechete. A Katsekera atapita kukagona, Delifina anamugoneka Mwandida pabalaza, namufunditsa bulangete limene iye mwini ankafunda. Anapiringidza chitseko, natenga mphasa n'kuiyala chopingasa pakhomo.

Atangogona pamphasapo anazindikira chimene wachita. Anagona malo omwewo, mwa njira yomweyo, ngati amayi ake aja. Anafuna kudzuka, koma akanatani? Kunja kunali chinthu chofuna mwana wake. Mkati munali ukwati wa a Dzoole. Iye anali pakati, atapingasa.

Analumbira kuti sagona. Anapemphera mapemphero onse amene ankawadziwa, nabwerezanso. Kunja kunali zii, ngakhale nkhululu osalira. Sanadziwe kuti tulo tinamuba nthawi yanji.

Chimene chinamudzutsa ndi mphepo yozizira kumapazi. Chitseko chinali chotsegula, mpiringidzo utaikidwa bwinobwino pambali. Pamene panagona Mwandida panali bulangete lokha. Mwana anali atamulumpha. Kukhola tambala anakupiza mapiko nalira, ndipo kumtsinje, momveka bwino ngati palibe zaka zimene zinadutsa, likhweru linayankha. Kutsika, kenaka kukwera.

Delifina anathamanga wopanda nsapato. Chifunga chinali chitatseka dziko lonse, koma njira ya ku dooko mapazi ake ankaidziwa, pakuti m'maganizo anali ataiyenda kosawerengeka. Minga inamubaya, anagwa, nadzuka. Atafika pamchenga anaona mwana wake ali kale m'madzi ofika m'maondo, phukusi lili pamutu, akuyenda mowongoka ngati mkwatibwi.

Tsidya lina kunali chinthu chakuda, chachikulu, chooneka ngati ngolo. Kunkamveka kupuma kwa ng'ombe ndi kulira kwa unyolo wa pagoli. Pambali pake panaima wina. Anali wamtali kuposa mmene Delifina ankakumbukira, kapena mwina chinali chifunga.

"Mwandida!"

Mwanayo sanatembenuke. Delifina analowa m'madzi, namugwira m'chiuno, namukokera m'mbuyo ndi mphamvu imene sankadziwa kuti ali nayo. Phukusi linagwera m'manja mwake. Anamukankhira mwanayo kumtunda, ndipo Mwandida anagwera pamchenga n'kukhala pomwepo, maso ali chitsegukire, osaona kanthu.

Likhweru linasiya.

Delifina anatembenukira tsidya lija, phukusi lili pachifuwa, madzi akumukoka miyendo. Mano ankagundana.

"Lusiyano," anatero. Dzinalo linatuluka movutikira ngati chitseko chimene sichinatsegulidwe zaka zambiri. "Lusiyano, ameneyu si Fina. Ndi mwana wanga. Fina ndine. Tandiyang'ana. Ndakalamba, imvi zayamba, manja awa aona makasu. Usanditengere mwana. Ndi mmodzi yekhayu."

Kenaka mawu anabwera, osati mokweza, ngati munthu akuyankhula pafupi ndi khutu.

"Fina. Ndinadikira."

"Ndikudziwa. Ndinakumva mpaka kunacha."

"Ng'ombe zatopa kuima. Bwera."

Tsopano mvetserani, pakuti apa ndi pamene nkhaniyi imandiopsa ine. Delifina anabwera kudzalanditsa mwana, ndipo mwana anali atalanditsidwa. Akanatha kubwerera. Koma madzi aja, amene anali ozizira ngati mpeni, anayamba kufunda. Msana umene unkamupweteka chaka chilichonse unaleka. Phukusi linapepuka, ndipo manja ake analikweza okha n'kuliika pamutu. Anamva fungo la mbatatesi yongokumba kumene ndi la udzu wouma wa m'ngolo. Panalibe mphasa yopingasa, panalibe atsibweni, panalibe woti amulumphe. Panali madzi pang'ono chabe, ndipo tsidya lake munthu amene anamudikira moyo wonse, n'kupitiriza kudikira moyo utatha.

Anaponya phazi. Madzi anafika m'ntchafu. Anaponya lina. Anafika m'chiuno.

Dzanja linamugwira pamkono. Linali lokhakhala, lofunda.

Anali a Katsekera, atavala kabudula yekha, madzi ali m'mimba. Nkhope ya mkazi wawo anangoiyang'ana kamodzi basi. Anayang'ana tsidya lija, kumene maso awo sankadziwa poti n'kuima, ndipo anayankhula ngati akuyankhula ndi mlendo wolemekezeka.

"Achimwene, ine ndi Katsekera. Sitinayankhulanepo, koma ndimakudziwani. Tsiku limene munadikira pano, ine ndinali kumadimba uko, ndinakumvani. Ndinadziwa amene munkamuitana. Akuluakulu atandiuza kuti mkazi wako ndi uyu, ndikanatha kukana, koma ndinali mwana, ndinaopa bambo anga. Ndakhala naye zaka zonsezi ndikudziwa kuti ndinakolola m'munda wa eni ake. Sindinamumenyepo, sindinamugonetsepo ndi njala, koma ndikudziwa kuti zimenezo si zokwanira."

Dzanja lawo linagwiritsa.

"Sindikuti ndi wanga. Koma mwana uyo ali pamchengayo akadzuka adzafuna mayi ake. Inu njira yanu yatha, yathuyi ikanalipo. Za ukwati wa mwanayo, pitani ndi mtima umodzi. Sukhalapo. Ndanena ine, mkamwini wopanda mawu."

Delifina anaima pakati pa mtsinje, dzanja la amoyo likumukoka uku, mawu a wakufa akumukoka uko. Kumbuyo kwake Mwandida anakhosomola, nalira ngati khanda, "Amayi! Amayi, ndili kuti?"

Kulira kumeneko ndi kumene kunabweza kuzizira m'madzi. Delifina anatsitsa phukusi pamutu. Analigwira kanthawi, kenaka analiika pamadzi n'kulikankhira tsidya lija.

"Tenga ichi, Lusiyano. N'chimene ndinakumangira. Ine sindibwera. Pita ukapume."

Phukusilo silinatsike ndi madzi monga chimachitira chinthu chilichonse. Linawoloka mowongoka, n'kulowa m'chifunga. Panapita nthawi. Kenaka unyolo unalira, tayala linati kwiii, ndipo phokosolo linayamba kutalikira pang'onopang'ono, kukwera chitunda cha tsidya lija, mpaka linatha. Kumudzi agalu onse anayamba kuuwa nthawi imodzi.

A Katsekera anabereka Mwandida kumsana ngati kamwana, ndipo atatuwo anabwerera kunyumba kunja kukuyera, osayankhulana.

Tsiku lomwelo, dzuwa lili paliwombo, Delifina anavala chitenje chake chabwino napita kwa a Bizaliyele. A Katsekera anamutsatira, nakhala pambali pake. Delifina anagwada monga mwa mwambo, koma mutu sanaweramitse.

"Achimwene, mukawauze a Dzoole kuti akafune kwina. Mwana wanga sakwatiwa nawo."

"Wati bwanji? Ine ndinapereka kale mawu! Ukufuna anthu azindiseka?"

"Akusekeni. Kuseka sikupha."

"Mlongo, wayamba misala? Iweyo amene unapezeredwa banja ndi atsibweni, lero ukuti unalakwiridwa? Alamu, mukumumva mkazi wanuyu?"

"Ndikumumva," anatero a Katsekera. "Akunena zoona."

A Bizaliyele anaimirira, nkhope ili gwaa. "Chabwino. Mbumba iyi muziiyendetsa nokha. Koma tsiku limene mudzafune mwini mbumba, musadzagogode pano."

Ndipo anasungadi mawu awo. Mpaka lero saponda pakhomo pa mlongo wawo, ndipo a Dzoole analeka kuimitsa lole yawo pa dimba la a Katsekera, moti mbatatesi yawo amachita kukagulitsa okha kumsewu.

Mwandida anadwala malungo sabata yathunthu. Atachira sanakumbukire kanthu za bambo wa chipewa kapena za mtsinje. Mvula isanayambe anapita ku boma kukaphunzira zosoka. Koma Delifina, kuyambira tsiku limenelo, miyendo yake sinafundenso. Kuyambira m'chiuno kutsika, pamene panafika madzi, pamakhala pozizira ngakhale m'mwezi wa Okutobala. Akuchipatala anapima, sanapeze kanthu.

M'nyumba munatsala anthu awiri, ndipo za usiku uja sanazitchule. Miyezi inapita. Tsiku lina akukumba mbatatesi kudimba, dzuwa likuswa mtengo, Delifina anaimika khasu nafunsa funso limene linkamudya.

"Bambo ake Mwandida, tsiku lija pa dooko, munamuona?"

A Katsekera anapitiriza kukumba pang'ono, kenaka anaima. Anapukuta thukuta ndi chipewa.

"Ayi. Sindinaone ngolo, sindinaone munthu. Sindinamvenso mawu ake. Ndinkangoyankhula ndi chifunga."

"Nanga munadziwa bwanji kuti alipo?"

Bamboyo anayang'ana pansi, akufukula dothi ndi chala cha kuphazi.

"Ndinaona nkhope yanu, amake Mwandida. Munkalowa m'madzi akuya, imfa ili patsogolo panu, koma munkamwetulira. Ine ndakhala nanu kuyambira ndili mnyamata, ndipo kumwetulira kumene kuja sindinakuonepo. Sindinkadziwa n'komwe kuti muli nako."

A Katsekera sanadikire yankho. Anawerama, natola mbatatesi imene khasu linaidula pakati, naiyang'ana, naiponya m'dengu la zodya pakhomo.

"Tiyeni timalize mzerewu," anatero, "dzuwa lisanatipweteke."

Ndipo anaweramanso onse awiri, wina mzere uwu, wina mzere uwo. Ine pamene ndinaimvera ndi pomwepa, ndipo ndaitula monga ndinaisenzera.